Madontho ofiira m'munda wa amake Fanuwelo

Lachiwiri, pa 19 Ogasiti.

Ndakhala pa sitepe ya kuseri kwa nyumba yogona alendo kuno ku Lilongwe. Ndavula nsapato zimene ndinabwereka kwa msuweni wanga Agi, zanditulutsa matuza kuzitendene zonse ziwiri. Dzuwa likadalipo. Madamu Nyirenda, aphunzitsi athu, apita kukafunsa ndondomeko ya msonkhano wa mawa, amake Fanuwelo akusamba. Ndikufuna ndilembe zonse monga zachitikira kuyambira dzulo, chifukwa ndikachedwa ndiyamba kuzikongoletsa.

Chimene tabwerera ndi kambalame. Ndi kakang'ono kuposa mpheta, pakhosi ndi pamimba pachikasu, ndipo pachifuwa pali mzere wakuda. Amake Fanuwelo amangoti kambalame ka tayi. Mwezi wa Juni a bungwe lina loona za mbalame anabwera ku kalabu yathu ya zachilengedwe kusukulu. Anati kambalameka sikapezeka m'dziko lina lililonse, koma m'nkhalango za m'mapiri akummwera kwathu, ndipo kakutha chifukwa mitengo ikutha. Anatisiyira mafoni anayi kuti tizilemba tikakaona kapena kukamva. Zolembazo amaziika pa mapu, ndipo mapuwo ndi amene akuuza anthu malo oyenera kutetezedwa ndi kudzalidwa mitengo. Ine ndinalemba ka 31, kuposa wina aliyense. N'chifukwa chake anandisankha kuti ndibwere kudzalandira setifiketi ndi kulankhula mphindi zitatu.

Amake Fanuwelo ndi oyandikana nafe nyumba. Amayi atadwala ndili wakhanda, ndi iwo amene ankandibereka kumsana popita kumunda. Ndinkadziwa kuti akubwera nafe chifukwa munda wawo, umene uli m'tsinde mwa Michesi, ukukhudzidwa. Ndinkaganiza kuti n'chifukwa cha kamtsinje kodutsa m'mbali mwake. Sindinafunse.

Tinanyamuka dzulo kusanawale bwino, pa njinga za kabaza zitatu, kupita pa Chiringa. Amake Fanuwelo anali ndi chikwama cha shangani chodzaza nandolo wa mwana wawo amene amakhala ku Kawale. Wakabaza atachinyamula anafunsa ngati mkatimo muli njerwa. Iwo anamuyankha kuti akadadya m'mawa sakadafunsa, ndipo njira yonse anamulangiza za kukwatira. Ine ndinagwira chikwama changa pachifuwa. Munali yunifolomu yosita, sopo, ndi kabuku kanga ka mbalame. Mumtima ndinkabwereza mawu oti ndikalankhule. Ndinali wokondwa, ndiyenera kulemba zimenezo.

Minibasi ya pa Chiringa sinachedwe. Tinadutsa pa Migowi n'kufika pa Boma masitolo akutsegulidwa kumene. Kumeneko timayenera kutenga mapu amene anatumizidwa sabata yatha kuti akomiti a m'mudzi awaone, ndiye Madamu awabweze ku Lilongwe. Msonkhano wa komitiwo unali wa akuluakulu okha, ine mapuwo ndinali ndisanawaone. Mwini kiyi wa chipinda chimene anawasungamo anali asanafike. Tinakhala pa benchi kupitirira ola. Atabwera anatipatsa mapuwo atakulungidwa m'paipi ya pulasitiki, Madamu n'kundipatsa ine kuti ndinyamule, ati popeza ndine wosamala zinthu.

Kudepoti tinapeza minibasi ya ku Zomba ikuoneka yodzaza, tinathamangira. Titangokhala, anthu asanu anatsika mmodzimmodzi. Anali ongokhalamo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kunyamuka. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwepo. Madamu, amene kwawo ndi ku Rumphi, anadandaula kuti zaka zisanu ali ku Phalombe koma amapusitsidwabe. Kondakitala anafuna kuti shangani ilipire mpando wake. Amake Fanuwelo anayamba kumuyankha m'Chichewa, atatenthedwa anatembenukira ku Chilomwe, ndipo nkhani inathera pamenepo, shangani inakhala pamiyendo panga.

Kumbuyo kwathu kunakhala bambo wina wa chipewa cha ubweya, ali ndi dengu la mbalame zowamba za ku Chilwa, akupita nazo kumsika wa Zomba. Fungo lake linadzaza galimoto yonse. Ataona paipi ija anafunsa ngati tikukalumikiza madzi. Madamu anamufotokozera zonse monyadira, mpaka kunditchula dzina ndi kalasi. Ndinalakalaka kulowa m'shangani muja.

Bamboyo anafunsa ngati kambalameko kamakoma, ndiponso kuti tingati timadzaza mbale. Anthu anaseka. Kenaka anafunsa kuti ngati sikadyedwa, a kuno tipindula nako chiyani. Amake Fanuwelo ndi amene anayankha. Anati kambalameko kakutenga theka la munda wawo, mbali ya kumtsinje kumene amalima masamba m'chilimwe, ndipo m'malo mwake awapatsa mbande za mitengo ndi ming'oma iwiri ya njuchi. Anati njuchi amaziopa chibadwire.

Aka kanali koyamba kumva kuti ndi theka la munda.

Bambo uja anati dziko latembenuka, mbalame zayamba kugawiridwa minda anthu akuyang'ana. Anawafunsa ngati iwo anakaonapo m'mundamo.

"Ine ayi," anatero amake Fanuwelo. "Ndinayamba kulima pamenepo Fanuwelo asanabadwe, ndimaona mpheta ndi akhwangwala basi."

"Ndiye mwavomera bwanji, mayi?"

"Wakaona ndi mwana uyu. Uyu sanama. Akatola singano pamsewu amayenda nayo khomo ndi khomo kufunsa mwini wake."

Ndinadabwa, chifukwa ine m'munda mwawo sindinakaonemo. Ndinaganiza kuti asokoneza, kapena wina wa m'kalabu ndiye anakaona kumeneko. Ndinafuna kunena, koma galimoto inali itadzaza ndipo aliyense anali atatembenuka kundiyang'ana. Ndinangomwetulira n'kuyang'ana pansi.

Tinanyamuka cha m'ma 10 koloko. Tinayenda bwino m'chigwa, minda ili mapesi okhaokha ndi nandolo, mphepo ikuulutsa fumbi. Tisanafike pa Jali kunamveka phokoso pansi pa mpando wa dalaivala, kenaka fungo la labala wopsa. Lamba wa injini anali ataduka. Dalaivala anati ndi za mphindi khumi. Kondakitala anakwera njinga yamoto kukasaka lamba, anabwera ndi wamkulu, anapitanso. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango maola atatu. Kumbuyo kwathu Michesi ankaonekabe, wabuluu, ali ndi utsi mbali imodzi.

Amake Fanuwelo anatulutsa kontena ya kalongonda ndi chinangwa chophika. Anagawira aliyense, ngakhale bambo wa mbalame uja. Madamu analawa pang'ono mwaulemu. Anafunsa ngati n'zoona kuti kalongonda akapanda kuphikidwa bwino amazunguza mutu, ndipo amake Fanuwelo anawayankha kuti wawo anamuphika tsiku lonse n'kutaya madzi kangapo, wozungulira mutu ndi dalaivala yekha.

Titadya, bambo uja anapempha kuti aone munda wa mbalamewo. Madamu anatulutsa mapu m'paipi n'kuwayala pansi. Tinawapsinja ndi miyala, ngodya imodzi ndi nsapato ya Madamu. Anthu onse anazungulira.

Sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Chinali chithunzi cha kwathu chojambulidwa kuchokera kumwamba. Ndinaona denga la sukulu, la tchalitchi, njira ya kuchigayo, ndi nyumba yathu ngati kambewu ka mpunga. Pamwamba pa chithunzicho anapakapo mitundu. Madamu anafotokoza kuti kobiriwira ndi koti kutetezedwe, kwachikasu ndi kololedwa kutola nkhuni ndi kudula milimo. Madontho ofiira ndi pamene kambalame kanaoneka.

Madontho a anzanga anali apo ndi apo m'phiri. Anga anaunjikana malo amodzi, m'munda wa amake Fanuwelo, pa chulu chachikulu cha pafupi ndi mtsinje. Anali atawazunguliza ndi mzere wobiriwira. Ndinayang'ana kumtunda, ku Khwawa Lakuda, kumene mitengo imatseka dzuwa ndipo kambalameko ndinakaona maulendo onse 31. Kunalibe dontho ngakhale limodzi. Kunali kwachikasu.

Madamu ankafotokozera bambo uja kuti foni imafunsa masetilaiti kuti ili pati, ndiye dontho limagwa pamene munthu waima pokanikiza batani. Anati bambo wopanga mapu ku Lilongwe anasangalala kwambiri ndi madontho angawo, akuganiza kuti nyengo yozizira timbalameti timatsikira kumtsinje. Anatumanso munthu kudzaona, sanamve kanthu, koma tsikulo kunali mphepo.

Ndinafunsa motsitsa kuti, nanga munthu akaona kwina n'kukalembera kwina?

"Limagwa pamene walembera," anatero Madamu. "N'chifukwa chake anakuuzani kuti muzilemba pomwepo." Mphepo inanyamula ngodya ya mapu, iwo n'kuthamangira kuigwira. Sanandiyang'ane.



Ndilembe mmene zinachitikira. Tsiku la maphunziro, mlendo wa ku bungwe uja ankalankhula Chingerezi chothamanga. Ndinamva za kulemba tsiku, nthawi ndi chiwerengero cha mbalame. Ndinamvanso kuti foni ikasweka kapena kunyowa sadzabweretsa ina. Za batani la malo sindinamvetse. Atafunsa ngati pali funso, dzanja langa linafika paphewa n'kubwerera, chifukwa anyamata a Folomu 4 anali kumbuyo kwanga. Ndiye ndinachita mwanzeru zanga. Foni ndinkaikulunga m'chitenje n'kuitsekera m'sutikesi ya amayi kuti isanyowe ndi chiperoni kapena kugwera pamiyala. Kuphiri ndinkapita ndi kabuku ndi pensulo, ndikamaperekeza amayi ku nkhuni. Madzulo ndinkatenga foni kupita pa chulu cha amake Fanuwelo, poti m'mudzi mwathu netiweki imagwira pamenepo pokha. Aliyense wofuna kuimbira m'bale wake wa ku Joni amakwera pomwepo. Ndinkakhala pansi n'kukopera za m'kabuku, kukanikiza mabatani onse, n'kutumiza. Ndinkabwerera kunyumba ndikudziyamikira kuti foni yanga ilibe pokandika ngakhale pamodzi.

Bambo wa mbalame anaika chala pa madonthowo n'kunena kuti pamenepa wina atatchera ulimbo angadzaze dengu. Amake Fanuwelo anawerama nthawi yaitali. Anafunsa Madamu kuti mzere wobiriwirawo ukudutsa kumtunda kapena kumunsi kwa nthochi zawo. Madamu anati kumtunda. Iwo anangoti, "Ndiye nthochinso zapita," n'kuyamba kutseka kontena.

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kunena. Mawu anali pakamwa. Koma panali anthu oposa khumi, ndipo mayi wina anali atangondisisita pamutu n'kuuza mwana wake kuti azilimbikira sukulu ngati ine. Ndinati ndinena tikakwera. Titakwera ndinati phokoso lachuluka, ndinena pa Jali. Pa Jali Madamu anandigulira nzimbe. Ndinati ndinena ku Zomba.

Ku Zomba tinafika mabasi a ku Lilongwe atapita kale. Bambo uja potsika anandipatsa mbalame ziwiri zowamba m'pepala, ati ndilawe zimene ndikuteteza. Tinakagona kwa mchemwali wa Madamu ku Chinamwali. Kumeneko Madamu anandiimiritsa pabalaza kuti ndiyeserere zolankhula zanga. Ndinalankhula zonse osaphonya, kuphatikizapo chiganizo chakuti mapu sanama. Anandiombera m'manja. Amake Fanuwelo anaombanso.

Lero tinalawirira kudepoti. Basi inali yaikulu, ya mipando itatu mbali imodzi. Ine ndinakhala pakati, Madamu kunjira, amake Fanuwelo kuwindo. Tisananyamuke mlaliki wina analalikira za Zakeyu, amene anabweza zimene analanda. Ndinayang'ana matuza anga mpaka anamaliza.

Pa Liwonde apolisi anatitsitsa tonse kuti aone katundu. Wina anagogoda paipi ija n'kufunsa kuti muli chiyani. Madamu anati muli ntchito ya mtsikana uyu. Wapolisiyo anandipatsa ulemu wa dzanja mwanthabwala, anthu n'kuseka. Pa Balaka tinaima nthawi yaitali kudikira anthu. Ndinatulutsa kabuku kanga n'kuwerenga mobisa pansi pa shangani. Zonse zilimo. Pena ndinalemba kuti: Loweruka, 8 koloko, Khwawa Lakuda, kumtunda kwa mwala wong'ambika, mumkuyu wachiwiri, tiwiri, kena kakuyankha kanzake. Tsamba lililonse lili choncho. M'foni munalibe pofotokozera zimenezi, ndiye zinatsala m'kabuku.

Ndinaganizanso zina zimene ndikuchita nazo manyazi. Ndinaganiza kuti ndikangokhala chete palibe amene adzadziwe. Mitengo ikadzalidwa m'munda muja ndi mitengo ndithu, mwina tsiku lina kambalameko kadzatsikirako. Ndinaganizanso kuti ndikanena, mzere wobiriwira usamukira ku Khwawa Lakuda, kumene amayi anga ndi amayi ena onse a m'mudzi amatola nkhuni. Adzayenda mtunda wina wautali, ndipo adzadziwa kuti wachititsa ndine Felesiya. Kuchokera pa Balaka mpaka pa Ntcheu ndinali nditatsala pang'ono kugwirizana nawo maganizo amenewa. Koma ndinakumbukira mkuyu wachiwiri uja. Mwezi watha ndinaupeza uli ndi chipsera cha nkhwangwa. Pa mapu uli kwachikasu.

Pa Lizulu basi inaima kuti anthu agule mbatata ndi kabichi. Madamu anatsika. Tinatsala awiri pampando. Amake Fanuwelo anali chete kuyambira m'mawa, zimene si khalidwe lawo. Ankayang'ana kunja, kumene amayi ogulitsa ankakweza mabeseni kuwindo. Analankhula osatembenuka.

"Iwe Felesiya, pachulu panga paja unkabwera madzulo alionse. Ine ndili m'nandolo ndinkakuona. Mutu pansi, kabuku pabondo, chala pa foni. Ndinawauza abambo ake Fanuwelo kuti mwana wa a Delifa ali ndi maso pankhongo, amaona mbalame osayang'ana kumwamba."

Anaseka pang'ono. 

"Ine mapu sindiwadziwa," anapitiriza. "Mawa akati dindani, ndidinda. Sindingaime pakati pa mabwana n'kunena kuti mwana amene ndinamubereka kumsana kwangaku walakwitsa. Kungoti masamba a chaka chamawa sindikudziwa ndikalima pati."

Anadikira. Ndikudziwa kuti anadikira, chifukwa wogulitsa wina anawaitana katatu osamuyankha.

Ine ndinati, "Kuno kukuzizira."

Ndi zimene ndinanena. Iwo anandiyang'ana, kenaka anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa m'mapewa. Madamu anakwera ndi jumbo ya mbatata akudandaula za mitengo, basi n'kunyamuka. Kuchokera pamenepo ndinatseka maso ngati ndagona. Dedza sindinamuone. Ndinangomva Madamu akunena kuti mwanayu watopa, ndi amake Fanuwelo akuyankha kuti musiyeni, wasenza zambiri.

Lilongwe ndi magalimoto ndi fumbi. Munthu wa bungwe anatichingamira kudepoti n'kutibweretsa kuno. Pakhomo tinakumana ndi bambo wopanga mapu uja. Ndi wamfupi, wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti madontho anga asintha ndondomeko yonse ya mbali ya Michesi. Anati mawa 9 koloko ndidzalankhula, kenaka a m'midzi adzasaina mapepala ovomereza malo. Ndinati zikomo.

Chitenje chija ndikadali nacho m'mapewa. Chikununkha utsi ndi sopo wa kwathu. Akadandikalipira pa Lizulu paja bwenzi zili bwino. Akadauza Madamu okha, bwenzi ndangolira n'kupepesa. Koma andisiyira ine, ndipo akudziwa kuti ndine munthu amene ndimalephera kufunsa ngakhale njira ya kuchimbudzi kunyumba ya eni.

Ndawerenganso kabuku konse. Malo amene ndinakaona ndi asanu ndi limodzi, onse m'Khwawa Lakuda, ndipo ndikhoza kuwaloza pa chithunzi chija: mwala wong'ambika ukuoneka, pokumana timitsinje tiwiri pakuonekanso. Ngati kuloza sikukwanira, nditha kupita nawo konko ndi foni, tikaime pansi pa mtengo uliwonse n'kukanikiza batani pamalo pake. Setifiketi mwina sandipatsa. Madamu anauza aphunzitsi onse za ine, sindikudziwa nkhope yawo idzaoneka bwanji. Anyamata a Folomu 4 adzamva, ndipo dzina la chulu lidzandikakamira mpaka ndidzamalize sukulu. Za nkhuni ndikawafotokozera ndekha amayi tikabwerera, asanamve kwa wina.

Madzi asiya kumveka kubafa, amake Fanuwelo amaliza kusamba. Ndikadakhala wolimba mtima ndikadanena pompano, koma mwana wawo wa ku Kawale wafika kudzatenga nandolo, ali pakhonde ndi ana ake awiri, ndipo iwo akagona ku Kawale konko. Abwera m'mawa 7 koloko. Ndikudziwa kuti ichinso ndi chifukwa china chozengerezera, monga Jali, monga Zomba. Chikhale chomaliza.

Mawa ndikawadikirira pageti ndi chitenje chawo chopinda. Ndiyamba ndi iwo, Madamu asanatuluke, chifukwa munda ndi wawo. Kenaka Madamu. Kenaka nditenga kabuku kupita nako kwa bambo wa magalasi 9 koloko isanakwane, mapepala asanafike patebulo. Popeza ndimadzidziwa, ndikangosamba ndilemba mawu oyamba pachikhatho ndi bolopeni, kuti pakamwa pakauma ndingowerenga: Amayi, musadinde, m'munda mwanu mulibe mbalame.